Maenje Okumba M'chilimwe

Manda akale a mzinda anadzaza mwakachetechete, ngati ndowa yoiwalika pampopi wodontha. Pamene akuluakulu a khonsolo ankadzidzimuka, okumba anali atayamba kale kudya tinjira ta pakati pa mizere, ndipo mitumbira ina inali itagunda mpanda. Nkhani itatuluka m'nyuzipepala misonkhano inachuluka, tiyi anamwedwa wosaneneka, ndipo mapeto ake ntchito yonse yopeza malo a manda atsopano inagwera munthu mmodzi wa m'kachipinda kakumapeto, kosungiramo mapu.

Munthuyo anali woyesa malo wa khonsolo. Dzina lawo lenileni linkagona m'mafaelo. Anthu onse ankangoti a Tepi, chifukwa tepi yoyezera sinkachoka m'thumba la jekete lawo, ngakhale popita kuukwati. Anali atatsala ndi miyezi inayi kuti apume pa ntchito. Pa zaka makumi atatu ndi zisanu anali atayeza misika, misewu, ngalande ndi zimbudzi za mzinda wonse, ndipo palibe chimene anasainira chinagwapo. Zimenezi sankazinena, koma ankazidziwa, ndipo ankayenda nazo.

Malo oti ayesedwe anali atatu. Oyamba anagwa tsiku loyamba lomwelo: piki inalira pathanthwe dzenje lisanafike m'chiuno. Achiwiri anali kuphiri, kuseri kwa kumene amaphwanyako miyala. Dothi lake linali lofiira, lakuya, louma bwino, koma kutalika kwake basi imathera panjira munthu n'kutsiriza wapansi. Achitatu anali pafupi ndi siteshoni yakale ya sitima, bwalo lalikulu lathyathyathya pamene kale panali mizere ya nyumba za anthu ogwira ntchito kunjanji. Nyumbazo zinagwetsedwa kalekale. Pamapu panangolembedwa kuti Malo C. Koma a Tepi anabadwira pa Malo C pomwepo, m'nyumba yachinayi ya mzere wachiwiri, ndipo kwa iwo dzina lake linali kumalaini.

Cholakwa chawo chinali chimodzi: anakauza achemwali awo.

Achemwaliwo anali aakulu ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndi amene anawalera amayi awo atamwalira. Tsopano ankakhala kwa mwana wawo wamkazi, m'chipinda chakumbuyo, miyendo itatupa, mpweya ukuperewera. Adokotala anali atasiya kusinthasintha mankhwala, ndipo banja lonse linkadziwa tanthauzo lake ngakhale panalibe wolitchula.

"Wati manda akakhala kumalaini kwathu?" anafunsa achemwali, akudzikweza pamapilo.

"Sindinatero, achemwali. Ndati tikukayesa kaye."

"Woyesayo ndani?"

"Ndine."

"Ndiye basi, yatha. Ukandiike pamene panali khitchini ya amayi. Koma usasuntheko n'kundiika kunyumba yachisanu. Anthu aja tinkayambana nawo za chingwe choyanikira zovala, sindifuna kukayambiranso."

Anaseka mpaka kutsokomola, mwana wawo n'kubwera ndi madzi. Tsiku limenelo anadya chakudya chonse cha m'mbale, koyamba pa milungu ingapo. Pofika Lamlungu aliyense wobwera kudzawaona ankamva kuti iwo akubwerera kwawo, ndipo mlongo wawo ndi amene akuwakonzera malo. A Tepi sanatsutse. Kunena zoona, nawonso mtima unali utakhala kale kumalaini. Munthu wakhala moyo wake wonse m'nyumba zalendi, angakane bwanji kukagona pabwalo pamene anaphunzirira kuyenda?

Kuyesa kwake kunali kosavuta. Pamalo aliwonse ankakumba maenje asanu ndi atatu, lililonse lakuya mamita awiri ndi theka, kuti pansi pa bokosi pazitsala dothi louma lokwanira. Dzenje linkasiyidwa tsiku lathunthu, kenaka woyesa n'kutsikamo ndi fomu. Pafomupo funso lalikulu linali limodzi: kodi m'dzenje mwapezeka madzi? Eya kapena Ayi. Kunali m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, mvula isanagwe kwa miyezi isanu.

Okumba ali pakalapakala ndi mapiki, a Tepi anayendayenda m'udzu wouma. Sanafune mapu. Miyendo inawatengera yokha pa chitsa cha mpopi umene mzere wonse unkatungapo madzi, ndipo kuchokera pamenepo anawerenga masitepe mpaka anaponda simenti. Linali khonde lawo. Anadabwa kuchepa kwake. Pakhonde limeneli pankakwana makina osokera a amayi, mpando wa abambo, ndi ana asanu, koma lero munthu akanaliphimba ndi chitseko chimodzi. Pakona panali padakali kamphete kachitsulo kamene abambo ankamangirirapo njinga.

Anakhala pansi. Anakumbukira sitima ya masana, imene inkagwedeza makapu pashelefu, amayi n'kunena osatukula mutu pamakina kuti, "Abambo anu ali panjira, tenthetsani madzi." Anakumbukira nyali ya abambo ya magalasi awiri, lofiira ndi lobiriwira, imene ana ankaletsedwa kuigwira ndipo ankaigwira tsiku lililonse. Anakumbukira achemwali akuwasambitsa pampopi m'mawa wozizira, akuwakhula m'makutu ngati akutsuka poto. Kulira kwawo mzere wonse unkadzuka. Chisoni chinawagwira, koma chinali chisoni chokoma, chimene munthu safuna kuti wina amudule.

Maenje atagona tsiku lathunthu, anatsikamo limodzilimodzi. Onse anali ouma gwa. Lachisanu ndi chiwiri linagwera kuseri kwa nyumba yawo, masitepe ochepa kuchokera pamene panali khitchini. Anatsika pamakwerero pang'onopang'ono, mawondo akudandaula, n'kuyang'ana khoma la dzenje monga mwa chizolowezi. Pamwamba dothi linali lakuda, kenaka lofiirira. Koma kungopitirira mita imodzi linasintha n'kukhala lotuwa ngati phulusa, lamawangamawanga a dzimbiri. Anaswa kachibuma, ananunkhiza. Dothi lotere ankalidziwa bwino. Ndi dothi limene limagona m'madzi miyezi ingapo chaka chilichonse, n'kuuma m'chilimwe ngati silidziwa kanthu. Anabwereranso m'maenje ena asanu apafupi, ndipo atapala khoma ndi mpeni anapeza mawanga omwewo.

Ndipo apo ndi pamene anakumbukira chinthu chimene anakhala akuchizemba milungu itatu. Kumalaini madzi sankalowa m'nyumba kudzera padenga. Ankachokera pansi. Dzinja likafika pachimake simenti inkayamba thukuta, kenaka timadzi tinkatumphuka m'ming'alu, ndipo pofika m'mawa nsapato zinali zikuyandama. N'chifukwa chake mabedi onse a mzere wachiwiri ankakhala pa njerwa, makina a amayi pa njerwa, ngakhale sutikesi ya zovala zabwino pa njerwa. Kwa mwana wa zaka zisanu zimenezi zinali chisangalalo. Ankakhala pabedi n'kumaponya timaboti tapepala, achemwali akukapa madzi ndi mbale kuponyera kunja.

Atatuluka m'dzenje anayang'ana kumunsi. Kumene kale kunali thengo tsopano kunali tinyumba tothithikana, ndipo pafupifupi pakhomo lililonse panali chitsime chokumba pamanja. Mayi wina ankakoka chingwe, mwana ali kumbuyo. Madzi a pansi pa malaini ankatsikira kumeneko. Zimenezi sizinkafuna sukulu.

Ku ofesi anadzaza fomu. Kodi m'dzenje mwapezeka madzi? Ayi. Analemba Ayi kasanu ndi katatu, ndipo panalibe bodza ngakhale limodzi. Pansi penipeni panali timizere tiwiri ta ndemanga zina, timene anthu ambiri ankangotidula ndi cholembera. Akanatidula, palibe akanawafunsa. Akanapuma pa ntchito mwaulemu, achemwali akanapita kwawo, ndipo madzi akadzakwera, amene ali m'bokosi sadandaula. Fomuyo inagona m'dirowa masiku awiri. A Tepi ankatsegula dirowa, kuiyang'ana, kutseka, kukapanga tiyi, kumuiwala pawindo. Ankadzinyenga kuti mwina madzi aja anasamuka, koma ankadziwa kuti madzi sasamuka chifukwa choti nyumba zagwetsedwa. Chimene chinawasowetsa mtendere kwambiri sichinali zitsime zokha. Ankangoona achemwali awo, munthu wodana ndi kuzizira, wovala juzi ngakhale m'chilimwe, atagona m'madzi dzinja lonse.

Lachisanu m'mawa anaitanidwa ndi mkulu wa nthambi ya zaumoyo, mayi wachangu amene ankalankhula akusaina zinthu zina.

"A Tepi, makhansala akufuna lipoti lero. Ndamva kuti Malo C ndi ouma. Zikomo, tapulumuka."

"Ndi ouma lero, mayi."

Mayiyo anaima kusaina. A Tepi anaika fomu patebulo. Timizere tiwiri tija sitinakwane. Anali atalemba mpaka kuseri kwa pepala. Pambali pake anaika chibuma chotuwa chokulunga m'nyuzipepala.

"Madziwo ali kuti?" anafunsa mayiyo.

"Abwera ndi mvula. Akwera mpaka mita imodzi kuchokera pamwamba, zaka zina kuposa apo. Bokosi limakhala pansi pa pamenepo. Ndipo kumunsi anthu akumwa za m'zitsime."

"Koma fomu ikufunsa zimene mwapeza."

"Fomu inalembedwa ndi munthu amene sanagonepo kumeneko. Ngati simukundikhulupirira, tisiye maenje osakwirira, tiwatchinge, mvula ikagwa mukaone nokha."

"Miyezi iwiri? Kumanda akale kwatsala malo a milungu isanu ndi umodzi. Mukufuna anthu ndiziwauza kuti adikire kaye kumwalira?"

"Ndiye tipite kuphiri. Dothi lake lilibe mlandu."

"Kuphiri! Makhansala andidya wamoyo." Anagwira chibuma chija, chinafumbutuka m'manja. "Inuyo mukudziwa bwanji zonsezi? Kachibuma kokhaka?"

"Ndinabadwira pamenepo, mayi. Bedi langa linkakhala pa njerwa."

Mayiyo anawayang'ana nthawi yaitali. "Ndikanakhala ine, ndikanafuna kuti manda akhale kwathu."

"Inenso ndimafuna," anatero a Tepi.

Lipoti linapita momwemo. Makhansala anakalipa, wina anati a Tepi ukalamba wawalowa m'mutu, koma panalibe amene anafuna kuika dzina lake pansi pa ndemanga yonena za zitsime. Lachitatu lotsatira anavomereza malo akuphiri. A Tepi sanauope msonkhano wa makhansalawo ngakhale pang'ono. Chimene ankaopa chinali chipinda chakumbuyo chija.

Anapitako masana a tsiku lomwelo, atagula malalanje ngati kuti malalanje angathandize. Anapeza achemwali atakhazikidwa pampando pafupi ndi windo, bulangete lili m'miyendo.

"Wabwera ndi nkhope ya kumaliro ine ndisanafe," anatero achemwali. "Khala pansi. Nena."

"Kumalaini kwakanika, achemwali. Manda akakhala kuphiri."

"Wakana ndani?"

Akanatha kunena kuti makhansala. Mawuwo anafika mpaka pamlomo.

"Ndine."

Achemwali anayang'ana panja, pamene mwana wawo ankaanula zovala. A Tepi anayamba kufotokoza za dothi lotuwa, za mawanga a dzimbiri, za mita imodzi, za zitsime za kumunsi, akulankhula mofulumira ngati ali pamaso pa komiti. Achemwali anakweza dzanja.

"Iwe, usandiphunzitse za madzi a kumalaini. Ndinawakapa zaka khumi ndi ziwiri. Zala izi zinkachita makwinya, msana uwu unayambira komweko."

"Ndiye mumadziwa?"

"Ndingaiwale bwanji? Ndimangoti mwina iweyo waiwala. Unali wamng'ono."

A Tepi anangoyang'ana malalanje ali m'manja mwawo.

"Ndinadziwa tsiku lomwe unandiuza lija," anapitiriza achemwali, mawu atatsika. "Ndinati ndingokhala chete, mwana uyu akakumba m'chilimwe, sakapeza kanthu. Ndinachimwa, eti? Ndimangofuna kupita kwathu."

"Pepani, achemwali."

"Pepani wa chiyani? Ndinakulera ndine. Ukanasaina bodza ndikanakondwa, koma ndikanakuona ngati munthu wina." Anapukuta m'maso ndi kona ya bulangete, mokwiya, ngati misoziyo yabwera osaitanidwa. "Kuphiriko kuli ndani amene ndikumudziwa?"

"Palibe. Sikunagone munthu."

"Ndiye ndikakhala woyamba, ndekhandekha, ndi miyala."

A Tepi sanathe kutsutsa, chifukwa mwina zinali zoona. Mwana wa achemwali anasuzumira pakhomo n'kubwerera osalowa.

"Khonde lija lilipo?" anafunsa achemwali.

"Lilipo. Lachepa, koma lilipo."

"Upeze galimoto Lamlungu. Mudzandinyamule ndi mpando womwewu."

"Adokotala anati musamayende, achemwali."

"Adokotala anabadwira kwawo. Wandimana kukagonako, chabwino, ndamva. Ndiye ukandikhazikeko ndili maso, tsiku lonse, mpaka dzuwa lipendeke. Ndipo usakandifulumizitse."