Eyakoni Yomwe Inkangozimazima

Eyakoni ya m'chipinda cha bambo Laston inali ndi khalidwe loipa. Ikayaka, inkauzira mphepo yozizira mphindi zitatu kapena zinayi, kenako n'kungoti zii. Munthu asanapukute thukuta, yayambanso kulira. Tsiku lonse zinali choncho, chonsecho mu Okutobala dzuwa la ku Glen Norah, mumzinda wa Harare, silinyengerera munthu.

Bambo Laston anali atangotuluka m'chipatala atadwala sitiroko, ndipo dokotala anachenjeza kuti kutentha kwambiri kungawabwezere konko. N'chifukwa chake mwana wawo Chenai, amene amagwira ntchito ku Nyanga, kumapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe, anawagulira makina oziziritsa chipindawo. Atamva kuti akuvuta, anaimbira foni amayi ake, mayi Eneles.

"Mhamha, Loweruka ndikubwera ndi galimoto," anatero Chenai. "Ndikapeza chipindacho chikutenthabe, baba ndiwatenga. Kuno kumapiri n'kozizira."

Mayi Eneles mtima unawawawa. Kanyumba ka Chenai ka kuntchito sikakanakwana anthu atatu, choncho iwo akanatsala. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri za ukwati, chinawalekanitsapo ndi amuna awo ndi chipatala chokha. Sankafuna kuti wina aziwasambitsa ndi kuwadyetsa iwo ali moyo.

Lachiwiri kunabwera Kingston wa nyumba yoyandikana nayo, munthu wodziwa chilichonse kuyambira chitopa cha nkhuku mpaka injini ya ndege, ngakhale sanakonzepo ndi wailesi yomwe.

"Mai Chenai, izi n'zazing'ono," anatero kwa mayi Eneles, manja ali m'thumba. "Ndi fumbi lathuli. Tsitsani rimoti ifike pa sikisitini. Zikakanika, muli kawaya kamene kamaizimitsa. Ndidzakadula ndi pulayala, ndiye izingolira osapuma."

Tsono mayi Eneles anali katswiri woluka madoyilo, tinsalu toyera tamaluwamaluwa tija tokongoletsera m'nyumba. Pa utsikana wawo ankapita nawo kukagulitsa mpaka ku Joni. M'nyumba mwawo munalibe chinthu chokhala chosavala: wailesi ya kanema, firiji, mipando, zonse zinali ndi doyilo wake. Eyakoni nayo, amisiri amene anadzaiika atangotuluka pageti, inalandira doyilo wamkulu pamwamba pake. Atamva za fumbi, mayiwo anaona kuti doyilo ali ndi mabowo ambiri, choncho anapinda chitenje kanayi n'kuchiyala pamwamba pa doyiloyo. Rimoti anaitsitsanso monga anauzidwira.

Apa m'pamene zinthu zinafika poipa. Makina anayamba kuzima pafupipafupi kuposa kale, ndipo madzi anayamba kudontha mpaka kunyowetsa pilo wa wodwalayo. Lachinayi masana bambo Laston anali thukuta kamukamu, akudandaula mutu, chakudya atakana. Kingston anatulukira ndi pulayala wake. Mayi Eneles anayang'ana chidacho, nayang'ana amuna awo ali gone pansi penipeni pa makinawo, mantha anawagwira.

"Iyayi, bambo, dikirani kaye," anatero. "Magetsi si ochita kuyesera."

M'malo mwake anaimbira Hanifa, mwana wa mnzawo wakale wa ku Mbare, amene amakonza mafiriji ndi maeyakoni pa kampani ina ku Workington, namufotokozera zonse, ndi za pulayala wa Kingston zomwe. Hanifa anafika Lachisanu masana atavala ovolosi, mpango uli kumutu.

"Mwaswera bwanji, mayi? Bambo akupezako bwanji?" anafunsa atagwada pang'ono. Kenako anakhala phee, akumvetsera makinawo ndi kuwerenga mphindi pa foni. Anazungulira kuseri kukaona bokosi la injini ya eyakoniyo limene limakhala panja, napeza kuti mphepo ikudutsa bwino. Atabwerera anazimitsa magetsi a makinawo, nakwera pa mpando. Ananyamula chitenje, nanyamula doyilo, ndipo anagwira pakamwa kuti asaseke.

"Mayi, doyilo wokongolayu mwaluka nokha?"

"Ndi manja angawa," anayankha mayi Eneles monyadira.

"Ndiye bwerani muone."

Hanifa anatsegula chivundikiro cha kutsogolo. Mkati munali mutaundana madzi oyera mbee, ndipo masefa awiri osefera mpweya anali atatsekeka ndi fumbi ndi tiubweya ta ulusi.

"Makina awa amakoka mpweya pamwamba pano, n'kuutulutsa pansipa utazizira," anafotokoza. "Mukavindikira pamwamba, ndiye kuti mwawatseka mphuno. Mpweya wa m'chipinda sulowa, mkatimu mumazizira mopitirira mpaka madzi kuundana, ndiye makina amadzizimitsa okha kuti asawonongeke. Madzi aja akasungunuka pang'ono, amayakanso. Ndi omwe amadontha aja."

Mayi Eneles anakhala pansi pa mkeka, manyazi ndi chisoni zitawagwira pamodzi. "Mwana wanga, ndiye kuti masiku onsewa wowavutitsa bambo a Chenai ndine?"

"Aiwa, mayi, musadziimbe mlandu. Amisiri aja ndi amene anayenera kukuuzani. Mwachita bwino kwambiri kukana pulayala uja. Kawayako ndi kamene kamateteza injini. Akanadula, injiniyo ikanapsa, mwinanso ndi moto womwe, bambo ali chigonere apa."

Anatsuka masefa aja pa mpope wa panja, nawayanika pa mthunzi. Podikira kuti madzi oundana asungunuke, anawauza kuti masefawo aziwatsuka pakatha milungu iwiri iliyonse, rimoti aziika pa twente-fo, chitseko ndi mazenera zikhale zotseka, ndipo bokosi la panja asaliunjikire katundu.

"Chipinda chikazizira, kupuma pang'ono n'kwachibadwa," anapitiriza. "Koma zikayambanso zozimazima mphindi zowerengeka, zonsezi mutachita, ndiye kuti mwina gasi akutuluka kapena magetsi akubwera ofooka. Zimenezo musakhudze, mundiimbire."

Atayatsa, makina analira bwinobwino. Mphindi khumi zinadutsa, kenako makumi awiri. Mayi Eneles anaimirira pakati pa chipinda, doyilo ali m'manja, akudikira kuti azime. Sanazime. Mpweya umene anautulutsa mayiwo unamveka mpaka pabalaza.

Loweruka m'mawa Chenai anafikadi. Analowa m'chipinda nkhope ili yokonzeka kukangana, koma anangoima pakhomo. Bambo ake anali atakhala tsonga, akumwa tiyi ndi dzanja lawo labwino lija, amayi ake atawagwirira mbale ya buledi.

"Mhamha, zakhala bwanji?" anafunsa.

"Ndidzakufotokozera ukakhala pansi, ndipo usadzandiseke," anatero mayi Eneles.

Chenai anafunabe kutsimikiza. "Baba, nanga za ku Nyanga mukuti bwanji? Ndilongedze?"

Bambo Laston, amene chidwalire mawu ankatuluka movutikira, anaika kapu pansi. Anayang'ana akazi awo, kenako mwana wawo, nalankhula pang'onopang'ono.

"Ine ndili kwathu. Lowa utseke chitseko, ukutithawitsira mphepo."

Phunziro: Eyakoni ikamangozimazima, yambani mwaona ngati mpweya ukulowa bwino. Musaivindikire, tsukani masefa ake, ndipo musalole munthu wosadziwa kudula mawaya. Zikapitirira, itanani mmisiri wophunzira ntchitoyo.