Madontho a Kadzungu

Mbira ija inalowa m'nyumbamo ili m'katoni, mphatso imene azakhali a mwana, alamu a mayi ake, anamubweretsera. Kuchokera tsikulo, pakamwa pa mwanayo pankangokhala azakhali. Azakhali akuti chakuti, azakhali amatha chakuti. Mayi ake, amene ankasesa zitosi m'khola m'mawa uliwonse, sankatchulidwa n'komwe.

Mwanayo anaitcha mbirayo Kadzungu. Ubweya wake utayamba kuthothoka, dokotala wa ziweto anapereka kabotolo ka mavitamini ndi kasirinji kopanda singano. Mayi uja anadonthezera m'madzi akumwa. Kadzungu ananunkhiza, n'kunyanyala madziwo. Mayiyo anayesa kasirinji. Kadzungu analumanitsa mano, kupalapata, mankhwala onse n'kuthera pa bulauzi.

"Mukumupweteka, Amayi! Tiitane Azakhali basi."

Mawuwo anamulasa pamtima. Anakana, anakana, koma mbira inkangoonda, mwana nayenso akudya mozemba. Bambo a mwana anangowaimbira foni azakhaliwo osamufunsa.

Alamu anafika akuseka ali pakhomo. Anadutsira kukhitchini, n'kutuluka akutafuna nkhaka. Anakhala pansi, kunyamula Kadzungu, ndipo kanyama kaja kanayamwa kasirinji ngati bere.

"Mwaona, alamu? Sikavuta aka. Kamangofuna dzanja lofatsa."

"Ee, ena tili ndi manja a njerwa," anayankha iye, akumwetulira mano okha.

Mwana anali atakolekera kale m'khosi mwa azakhali ake. "Ndipite naye Kadzungu tikakhale kwanu?"

Onse anaseka. Mayi uja anaima pa chitseko, maso ali pa manja a alamuwo. Ankawayang'ana ngati mmene amayang'anira mwana akamasewera pafupi ndi mbaula. Ndiye anaona. Zalazo zinali zonyowa ndi madzi a nkhaka, ndipo mbira inkazitsata ndi mphuno. Anadziyang'ana manja ake, oyera, ouma. Poopa majeremusi, iye ankasamba ndi sopo wonunkha mankhwala asanagwire mbira, n'kusambanso akamaliza. Kafungo ka kuchipatala kameneko n'kamene Kadzungu ankathawa.

Sanafunse kanthu. Kufunsa alamu? Bola kumeza kasirinjiko.

Kutacha, atatsuka manja ndi madzi okha, anasenda nkhaka n'kuifikisa m'zala mpaka m'zikhadabo. Mtima unkamuuza kuti wadetsedwa, koma anapirira. Anatulutsa kathaulo kamene ankafunditsa mwanayo ali khanda, kukulunga Kadzungu, kumukhazika pachifuwa. Kamphuno kananjenjemera pa chala chake. Analowetsa kasirinji cham'mbali mwa kamwa, pang'onopang'ono. Kadzungu anameza, n'kunyambitanso.

"Bwera udzaone!" anakuwa.

Mwana anathamanga, maso ali tong'o. "Wamwa? Ndi inu?"

"Ndi ine amene. Nanga ndani?"

Anatambasula dzanja kuti amukumbatire, koma mwanayo anali atalumphira kale pa tebulo pamene panali foni.

"Ndiimbireni Azakhali! Ndiwauze kuti nanunso mwayamba kutha ngati iwo."

Ngati iwo. Anadina nambala ija ndi chala chonunkha nkhaka. Foni ikuitana, mwana anakwera pamiyendo pake, n'kutsamira mutu pambali pa mbira. Iye anamufungatira ndi mkono wonse, mwamphamvu ndithu.

"Halo, alamu," anatero mokoma. "Mawa musavutike kubwera."