Futali wa kwa Salama

Salama anathira nsinjiro mumphika wa mbatata, navundikira, kenako anasuzumira panja kuona pamene dzuwa lafika. Uwu unali mwezi wa Ramadani woyamba chimwalirire mwamuna wake, Mwamadi, telala wa pamsika wa Kawale. Chiyambire kusala, madzulo alionse ankamasula yekhayekha m'nyumba ya zii. Koma lero anali ataitana anzake.

Anawaitana kuti awatsanzike. Mlongo wake wa ku Mangochi sankatopa kuimba foni. "Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka," ankatero. "M'tauni ukutsaliranji?" Pamapeto pake Salama anavomera kuti Idi ikadutsa anyamuka.

Oyamba kufika anali a Zaki, amene ankasoka pakhonde limodzi ndi malemuwo, ndi akazi awo a Aliya, atanyamula mbale ya samusa. Pambuyo pawo panalowa Lena, Mkhristu wa ku Ntcheu wa nyumba yoyandikana. Miyezi yonse imene Salama anabindikira m'nyumba polira mwamuna wake, monga chipembedzo chimanenera, Lena ndiye ankamutungira madzi ndi kumupitira kumsika.

Lena anakhala pamkeka mofooka, milomo itauma gwa.

"Mwadwala kodi, anzanga?" anafunsa Salama.

"Ayi. Chidzukire sindinalawe kanthu. Ndinati nanenso ndimveko zimene mumamvazi, kuti timasulire limodzi. Koma masana ndinangotsala pang'ono kulira nditaona mpopi ukudontha."

Onse anaseka. Salama anadzimva akuseka nawo, ndipo anadabwa ndi mawu ake omwe.

Kuitana kwa swala kutamveka kuchokera kumzikiti, anagawana zipatso za tende. Lena anamwa madzi atatsinzina. Atatu aja ataswali, Salama anavundukula mphika, fungo la futali n'kudzaza nyumba yonse. Anadya mwakachetechete, kungomveka masupuni.

"Alamu," a Zaki anayamba, "makina a achimwene aja ndimawathirabe mafuta. Anthu akhala akundipempha malo aja, ine n'kumakana. Ndikudziwa kuti madiresi ambiri amene achimwene ankatchuka nawo munkadula ndinu, konkuno kunyumba."

"Sitikukufulumizitsani ayi," a Aliya anawonjezera. "Tsiku limene mtima udzalole, mpando mudzaupeza."

Salama anawerama. Anakumbukira mawu otsanzika amene anakhala akuwakonza tsiku lonse. Anaganiza za kwawo, kumene akanakakhala namfedwa woyembekezera kupatsidwa. Anaganizanso za anthu atatuwa, amene sanali a magazi ake, koma anamusenzera denga osamufunsa n'komwe.

"Paja munati muli ndi mawu oti mutiuze," Lena anamukumbutsa, akupukuta m'manja.

Salama anapukuta maso ndi nsonga ya mpango wake. Anawayang'ana mmodzimmodzi.

"Ndimafuna kunena kuti zikomo," anatero. "Zimene mwandichitira, pakamwa panga sipangakwanitse. Mulungu yekha akubwezereni." Anapumira m'mwamba. "A Zaki, Idi ikadutsa ndibwera kudzawaona makinawo. Alongo anga ndiwafotokozera mawa."

"Alhamdulillah," a Zaki anathokoza Mulungu chapansipansi. A Aliya anamugwira dzanja.

Panja mvula inayamba kuwaza pamalata, ya pang'onopang'ono, yosapupuluma. Palibe amene anadzuka kufuna nsapato zake. Salama anakoleza mbaula, natereka madzi a tiyi.