Mwala wa Mchira ndi Dzina Lobwereka

Ku Sandton Asma ankatchedwa Habiba. Dzinalo linali la achemwali ake, mwana wa amayi ake aakulu, amene anamubwereka pasipoti ndi pemiti atangofika ku Joni kuchokera ku Machinga. Zaka zitatu akukolopa nyumba ya adona ndi dzina la eni ake, mpaka munthu akamuitana kuti Asma pa renki ya matekisi ankachedwa kucheuka.

Za miyala ya kumwamba anazidziwira kwa adona omwewo. Akatswiri a zakuthambo anali ndi zithunzi zosawerengeka za miyala ikuluikulu yozungulira dzuwa, ndipo ankapempha aliyense wa foni kuti awathandize pa intaneti: uyang'ane kadontho kali pakati pa chithunzi, unene ngati kakutulutsa mchira wa fumbi. Adona anayesa masabata awiri n'kugwa ulesi, ati zonse zikungooneka ngati mchenga. Asma sanatope. Munthu wopukuta mawindo tsiku ndi tsiku amasiyanitsa litsiro la pagalasi ndi chinthu chimene chili kuseri kwa galasilo. Ankazichita m'tekisi, popita ndi pobwera, chala chikungodina ayi, ayi, ayi.

Lachitatu lina, tekisi itaima pamzere wa magalimoto ku Honeydew, anadina inde. Kamchirako kanali kozilala ngati mpweya wa m'kamwa m'mawa wa mu Juni. Ena pa tsambalo analemba kuti kumeneko n'kuwala chabe kwa nyenyezi yapafupi. Asma anawayankha ndi Chingerezi chake chotola m'khitchini, kuti ayang'anenso bwino asanayambe kuphunzitsa anthu.

Patatha miyezi isanu uthenga unafika. Akatswiri aja analozetsa makina awo aakulu pa mwalawo, mchira n'kuupeza ulipodi. Tsopano ankafuna dzina lenileni la amene anauona ndi chithunzi chake, kuti aike m'lipoti ndi pa tsamba lawo.

Lamlungu masana anakawaonetsa a Habiba, amene ankachapa pakhomo pa mkuku wawo, kanyumba ka malata, ku Zandspruit. Anawerenga manja ali thovu lokhalokha, ndipo sanamwetulire n'komwe. Anamuuza kuti alembe Habiba, nkhope asatumize. Si Asma yemwe ananena kuti adona amasuzumirabe pa tsambalo? Akaona nkhope ya wantchito wawo ili ndi dzina lina, ntchito yathera pomwepo, ndipo mwini mapepala nayenso alowa m'madzi.

"Achemwali, dzina lanu lakolopa, lachapa, lasita," anatero Asma. "Ndinabwereka, ndikuthokoza. Koma mwala uja simunauone inu."

"Mwalawo umadyedwa? Akakuchotsa ntchito ukakhala pamenepo?"

"Ndikakhala pamchirapo."

"Eish, mwana iwe. Mtima wako womwewu unakulepheretsa Fomu 2."

Pamenepo anamulasa. Sukulu anaisiya atakana kugwada pa mlandu umene sanapalamule, ndipo mpaka lero akanakanabe. Analowa m'nyumba, natenga pasipoti ija pansi pa matiresi, n'kuiika pa mpando pafupi ndi beseni. Anati adona akawauza yekha kuti mapepalawo anachita kutenga mwini wake asakudziwa, kuti mlandu ukhale wake yekha. A Habiba anamutcha chitsiru cha ku Ntaja, koma pasipotiyo anaibisa m'kamisolo.

Lolemba m'mawa sanavale yunifolomu. Anapeza adona akumwa khofi pakhonde, nawaikira foni patebulo, chithunzi cha mwala chili poyera. Adona anasangalala kwambiri, ati akauza anzawo onse kuti Habiba wawo watulukira chinthu kumwamba.

"Habiba sanatulukire kanthu, madamu. Ine ndine Asma. Asma Yakobo."

Anafotokoza zonse ali chiimire, osapepesa. Adona anazunguza supuni m'kapu. Kenako anati akumva chisoni, ndithu akumva chisoni, koma munthu wopanda mapepala sangamusunge. Anafunsa ngati sangangosiya dzina lakale lija pa tsambalo, iwo n'kukhala ngati sanamve kalikonse, zonse zipitirire monga kale.

Asma anatulutsa makiyi a geti n'kuwaika pambali pa khofi.

Tekisi ya masana inali ndi anthu anayi okha. Anadzijambula pa mpando wakumbuyo, mpango wake wobiriwira uli kumutu, dzuwa likumuthobwa m'maso. Pa fomu ya akatswiri analemba dzina lake lonse, n'kuliwerenga kawiri. M'munsi mwake munali funso lakuti amachokera ku yunivesite kapena bungwe liti. Analemba kuti Zandspruit, natumiza.

Anatsegula tsamba lija, chithunzi china n'kubwera: kadontho pakati pa mchenga. Anakayang'anitsitsa mpaka tekisi inadutsa Honeydew, kenako anadina ayi.