Tsiku Limene Ndinaimitsa Zikupizo

Achimwene anga a Darryl anasiya kundiyankhula chaka chimene ndinayamba ntchito pa makina opanga magetsi pogwiritsa ntchito mphepo. Makinawo anawaimika paphiri pamene bambo athu ankadyetsa nkhosa, ndipo kwa a Darryl aliyense wogwira ntchito pamenepo anali wogulitsa mtundu. Makinawo ankangowatchula kuti zikupizo. Tikakumana m'sitolo ku Jamestown ankayang'anitsitsa zitini za nyemba mpaka ine nditadutsa. Zinkandipweteka, koma sindinapepese, chifukwa sindinabe kanthu ka munthu.

Iwo ankaulutsa kandege kopopera mankhwala m'minda ya tirigu, ndipo nyengo yotentha ikafika kandegeko kankanyamula madzi ozimitsira moto wa m'tchire.

Tsoka silinunkha. Masana ena a mu Januwale, mwezi wotentha kwambiri kwathu kuno, moto unabuka kumpoto, mphepo n'kukankhira utsi wonse paphiri pathu. Ndinali ndekha mu ofesi ya m'munsi mwa phiri, ndikudya payi wozizira, foni inalira. Anali Warrick, amene amalondolera ndege za m'dera lathu poyang'ana pa rada.

Ine ndi Warrick tinazolowera kukangana. Rada ili ngati galu wa pakhomo, choima sachilabadira, amauwa choyenda. Mapiko a makina athu akamazungulira, pa sikirini yake pamadzaza timadontho tooneka ngati ndege. Kampani yathu inalonjeza kalekale chipangizo chosefa timadonthoto, koma lonjezolo linali likuzungulirabe m'misonkhano.

"Narelle, lero si zokangana," anatero Warrick. "Ndege yasokera mu utsi pamwamba panupo. Magetsi ake afa, chipangizo chondiuza pamene ili chazima, woyendetsa watsala ndi kawailesi ka m'manja basi. Iye sakuona, inenso sindikumuona. Ndikungoona zikupizo zanuzo. Ziimitse."

"Ndege ya ndani?"

"Ya Darryl."

Pa foni ina ndinaimbira Lachlan, bwana wathu amene amayang'anira makina onse ali pampando mumzinda wa Adelaide.

"Sizingatheke, mayi," anayankha. "Mzinda wonse lero ukupuma ndi makina oziziritsa m'nyumba. Kuli okalamba kuno, kuli odwala. Sungachotse magetsi onsewo popanda chilolezo. Dikira ndiimbire akuluakulu."

"Ndidikire mpaka liti?"

"Pali ndondomeko yake, Narelle."

"Ndondomeko yanuyo ithira mafuta mu ndege ija?"

"Usandiyankhule choncho. Ukakhudza kanthu kumeneko, uyankha wekha."

Lachlan sanali munthu woipa, ndipo za okalambazo sankanama. Koma okalambawo anali pansi, m'nyumba zawo, pamene achimwene anga anali m'mwamba pakati pa utsi ndi zitsulo. Ndinatembenuza kiyi imene imalanda ulamuliro ku Adelaide n'kuubweretsa pa tebulo langa. Timaigwiritsa ntchito munthu akakwera kukakonza makina, kuti wina wakutali asawayatse mwangozi.

"Wachita chiyani?" anafunsa Lachlan.

"Munthu ali pamwamba, bwana. Kiyi imeneyi ntchito yake ndi yomweyo."

Ndinayamba ndi mzere wa kumpoto, kenako wapakati, kenako wotsala. Makina aliwonse ndinawaimitsa phiko limodzi pansi, awiri m'mwamba, monga timachitira ndege zozimitsa moto zikamadutsa. Zimphona zimenezi siziima ngati njinga, zimachedwa, ndipo kuchedwako kunandilawitsa imfa.

"Madontho akuzima," Warrick anali kuyankhula pa foni ina ija. "Pitiriza. Akuzima. Katsala kadontho kamodzi, ndipo kakuyenda." Kenako ndinamva akuyankhula pa wailesi, mawu ake osanjenjemera ngakhale pang'ono. "Darryl, ndakupeza, mkulu. Ukulunjika phiri. Khotera kumanzere tsopano, kwera. Kwerabe. Usatsutse, lero mvera."

Ndinathamangira panja. Thambo linali lofiira, phiri lonse lili zii, bata limene sindinalimvepo chiyambire ntchito. Kenako injini inamveka, ndipo kandege kachikasu kanatuluka mu utsi chapafupi kwambiri ndi nsonga za mapiko, n'kulowera kumwera kumene kunali koyera. Ndinakhala pansi pa miyala yotentha n'kulira ngati mwana.

Nditabwerera, Lachlan anali akadali pa foni.

"Yatsa tsopano. Magetsi azima kale m'madera ena chifukwa cha iwe."

"Ndiyatsa Warrick akanena kuti ndege zonse zatuluka."

"Ukudziwa kuti ntchito yako yathera pomwepa?"

"Ndikudziwa. Ngati mukufuna kiyi, bwerani mudzatenge. Msewu wake ndi womwe ukuyakawo."

Ndinayatsa dzuwa litapendeka, Warrick atavomera. Sabata yotsatira akuluakulu a kampani anandiitana, n'kundifunsa ngati ndikuona kulakwa kwanga. Ndinawauza kuti ndikuona chipangizo chosefa chija chisanabwerebe, ndipo mawa lino ndikhoza kutembenuzanso kiyi yomweyo. Anandilanda kiyi ndi chipewa cha ntchito, ndinabwerera kunyumba.

Lamlungu m'mawa galimoto ya a Darryl inaima pageti panga. Pagalasi lakumbuyo panali pakadali chomata chotukwana makina amphepo. Sanatsike, anangotsitsa galasi n'kumayang'ana kuphiri.

"Zikupizo zakozo n'zonyansabe," anatero.

"Si zanganso. Anandichotsa."

"Ndamva." Anakanda ndevu. "Warrick akuti ukanadikira pang'ono, bwenzi akunditola ndi fosholo."

"Warrick amakokomeza."

"Sakokomeza ameneyo. Ndinaona phiko ndi maso angawa, litaima, pompa." Analoza kunja kwa zenera. "Mlamu wako waotcha mwendo wa nkhosa. Akuti ndisabwerere ndekha."

"Ndiye ndi mlamu amene akundiitana?"

Kwa nthawi yoyamba chimangireni makina aja, anandiyang'ana m'maso. Anatambasula mkono n'kutsegula chitseko cha mbali yanga.

"Kwera, mlongo wanga. Nyama ikuzizira."