Dzina la Achemwali pa Mndandanda

Achemwali anga ndiwo anandipezera ntchito pafakitale yathu. Timapanga magalasi a mafoni, aja mumawasisita ndi chala tsiku lonse. Iwo anagwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi patebulo lomaliza, pomwe galasi lililonse limaunikidwa ndi nyali yoyera lisanalowe m'bokosi. Ankaona kamzere komwe makina akaphonya, mwakuti atsikana a patebulopo anawapatsa dzina loti Amphamba. Ine ndinayamba ndi kusesa fumbi la galasi, n'kukwera pang'onopang'ono mpaka kukhala kapitawo wa chigawo chonse, achemwali omwewo ali pansi panga. Iwo sankanditchula udindo. Kwa iwo ndinali Chitsiriza basi, mwana amene anamulera mayi athu atamwalira.

Nkhaniyi inayambira pa wailesi yakanema ya m'chipinda chodyera. Lolemba masana, bambo wina wa tayi ananena kuti wamva zoti anthu sakugulanso mafoni atsopano ngati kale, ndipo kampani yaikulu imene imatigula magalasi ikufuna kuchepetsa maoda. Sanatchule amene anamuuza. M'munsi mwake munaoneka dzina la fakitale yathu ndi kamuvi kofiira koloza pansi.

"Iyeyutu foni yake ndi yatsopano," anatero achemwali akutsegula kontena ya chakudya. "Mwaona momwe ikunyezimira patebulopo? Ndiye akunena anthu ake ati?"

Tonse tinaseka.

Pofika Lachitatu kuseka kunali kutatha. Eni masheya anayamba kugulitsa masheya awo ngati anthu othawa m'nyumba yoyaka. Wina akathawa, mnzake nayenso ankaliyatsa liwiro, osafunsa n'komwe chimene akuthawa. Anthu amene analonjeza kutimangira chigawo chatsopano anaimba foni kuti ayambe aona kaye. Komatu kuseri kwa fakitale malole ankabwerabe kudzanyamula mabokosi monga mwa masiku onse. Ndinafunsa kalaliki wa maoda ngati kwabwera kalata yochepetsa katundu. Anapukusa mutu.

Lachisanu bwana wamkulu anandiitana muofesi. Maso awo anali ofiira, tayi ili pampando.

"Eni masheya akufuna kuona kuti tikuchitapo kanthu," anatero.

"Koma maoda sanatsike, bwana."

"Iwo sakuyang'ana maoda. Akuyang'ana kamuvi kaja."

Anandikankhira pepala. Panali mayina makumi atatu ndi awiri, onse a anthu okhalitsa, chifukwa ndiwo malipiro awo anali okwera. Dzina la achemwali linali lachinayi. Ndinadzutsa mutu kuyang'ana bwana.

"Ndikudziwa," anatero bwana osandiyang'ana. "Ngati mukufuna, lifufuteni. Koma mulembepo lina ndi dzanja lanu."

Ndinagwira cholembera nthawi yaitali. Ndinaganiza za mtsikana wa mapasa amene mwamuna wake anamuthawa. Ndinaganiza za bambo wa pamakina odulira amene amakankha mkazi wake panjinga ya olumala. Dzina lililonse limene linabwera m'mutu mwanga linabwera ndi nkhope yake. Ndinabweza cholembera, pepala ndinalipinda n'kuika m'thumba. Mayinawo ndinayenera kuwawerenga Lolemba m'mawa.

Lamlungu masana ndinapita kunyumba kwa achemwali nditatsimikiza mtima kuti ndikawauza. Ndinawapeza akusita chovala chawo choyera cha kuntchito, akuimba chapansipansi. Anandiikira tiyi. Anadandaula za denga lodontha pakona ya kuchipinda, anandiseka kuti mimba yanga yayamba kutsogola ngati ya bwana weniweni. Anasita kolala kawiri, n'kukoleka chovalacho pachitseko. Pepala lija linali m'thumba la malaya anga, ndipo ndinkalimva likundikanda pachifuwa. Ndinamwa tiyi yense, ndinalonjeza kubwera ndi makwerero Loweruka, ndinatsanzika.

Lolemba anthu anasonkhana pakati pa makina ozimitsa. Ndinawerenga dzina loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pa lachinayi mawu anandithawa, ndinachita kubwereza. Achemwali anavula magolovesi chala chimodzichimodzi, anawayala bwinobwino patebulo, n'kuzimitsa nyali yawo. Anaima pomwepo mpaka ndinamaliza mayina onse.

Ndinawapeza kumakabati akulongedza kapu ndi nsapato zawo m'jumbo.

"Unadziwa liti?" anafunsa.

"Lachisanu."

"Ndiye dzulo unali ukudziwa."

Ndinayamba kufotokoza za eni masheya, za cholembera, za mtsikana wa mapasa. Anandidula ndi dzanja.

"Ukanafufuta dzina langa n'kulemba la mwana uja, ndikanakumenya ndekha. Ntchito imatha, Chitsiriza, si mtundu. Koma unakhala pampando wanga, kumwa tiyi wanga, kundionerera ndikusita. Ndalowa muno ndi kolala yowongoka, ndikupatsa anthu moni ngati chitsiru."

Sanalire. Ananyamula jumbo yawo, anakana kuti ndiwaperekeze kugeti.

Loweruka ndinapita ndi makwerero aja. Ndinapeza denga atakonza kale mwamuna wa nyumba yoyandikana nayo. Achemwali anandilandira, anandifunsa za ana, koma tinkacheza ngati anthu okumana pamzere wa kuchipatala.

Patatha miyezi itatu, kampani yaikulu ija inalengeza momwe malonda ayendera. Mafoni anagulidwa pafupifupi ngati chaka chatha. Maoda athu anatsikadi, koma pang'ono, zosakwana n'komwe ntchito ya anthu asanu. Eni masheya aja anabwerera mmodzimmodzi, ena akugula modula zomwe anataya motchipa, ndipo bambo wa tayi uja anaonekanso pakanema akufotokoza chifukwa chake zinthu zili bwino. Fakitale inalemba achinyamata a makontirakiti a miyezi isanu ndi umodzi. Mabokosi anayamba kubwezedwa chifukwa cha magalasi okandika, ndipo bwana anandiuza kuti ndiitanenso anthu asanu akale.

Ndinathamangira kwa achemwali tsiku lomwelo. Pakhomo panali makatoni omanga ndi zingwe, makatani atachotsa. Mwana wawo wamkazi, amene amakhala mumzinda wina wakutali, anali atawaitana kuti azikakhala naye.

"Akukufunani, achemwali. Tebulo lanu lomwe lija."

Anamangabe katoni, akukoka chingwe ndi mano.

"Ndikabwerera ndizidzayang'ana kanema uja nthawi ya chakudya, kudikira kuti wina anenenso zomwe wamva. Komanso ndizidzayang'ana thumba la malaya ako. Sindikufuna kumakuopa, mwana wa mayi anga."

Ndinapepesa. Ndinali nditapepesapo kangapo, koma ulendo uno ndinalira ngati mwana, nditakhala pakatoni ya mbale. Anandisiya ndilire, kenako anandiuza kuti ndinyamuke ndingaswe mbale zawo.

M'mawa mwake ndinawanyamulira katundu kupita kokwerera basi. Atakhala pampando anatsegula zenera n'kundipatsira makiyi kuti ndikapereke kwa mwini nyumba.

"Uzidya," anatero. "Ndipo atsikana atsopanowo uwauze azipendeketsa galasi, asamaliyang'ane chamaso. Kamzere kamabisala."

Basi inanyamuka. Ndinaima pamenepo mpaka wogulitsa matikiti anandifunsa ngati nanenso ndili paulendo. Ndinati ayi, ndipo ndinapita kuntchito, nditachedwa ndi ola lathunthu.