Mbewu ya Benedeta

Hilario anali mkamwini kwa Nsaru, ndipo mkamwini woonerera mbalame anthu amamuyesa waulesi. Ulesi analibe, koma liuma ndiye linali lake. Pa dambo la Bua panali kachilumba ka bango pamene atsekwe ndi akakowa ankaswera. Dzinja likayandikira pankafikanso timbalame totuwa ta miyendo yaitali, tosadziwika kwawo, tomangojompha matope m'mphepete mwa madzi. Hilario ankationerera atakhala pachulu. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, timbalameto tikangochuluka, mvula yobzalira inkagwa.

Mu 1948 nkhokwe inatha msanga. Panatsala mbewu yokha, ngala makumi atatu zimene mkazi wake Benedeta anapachika pa utsi kuopa anankafumbwe. Timbalame tinafika, kamvula kanawaza masiku awiri.

"Tonolani yonse, mawa tibzale," anatero Hilario.

"Bambo a Enifa, nthaka sinanyowe. Tibzale theka, ina tisunge. Pamudzi pano timatero."

"Mbalame sizinama."

Benedeta anatonola yonse, pakuti zaka zisanu ndi chimodzi si masewera.

Chimanga chinamera mwa apo ndi apo. Kenako kumwamba kunayera mbee, milungu ndi milungu. Chomeracho chinapota masamba n'kupsa. Dambo linaphwa mpaka agalu ankayenda pouma kukadya mazira pachilumba, ndipo atsekwe anathawa zisa zawo. Koma timbalame tija tinalipobe, tikujompha pa kachithaphwi kotsala, tilibe nkhawa. Apo m'pamene Hilario anazindikira kuti timangobwera nthawi yake ikakwana, mvula igwe isagwe. Za mitambo ya kwa Nsaru timbalameto sitinkadziwako kanthu. Anachita manyazi, ndiponso mantha, moti tsiku limenelo anabwerera kumudzi modzera kuseri.

Mvula yeniyeni inabwera mochedwa kwambiri, Enifa mwana wawo atayamba kale kutupa mapazi. Anansi amene anasungako mbewu anatuluka ndi makasu kukabzalanso. Hilario anazungulira makomo anayi kupempha, koma pa chaka chotere mbewu sapatsa mkamwini, ndipo anabwerako chimanjamanja.

Anakapeza Benedeta kumunda atagwada m'mizere, akufukula ndi zala kufuna njere zimene sizinamere. M'chipande munali njere zisanu ndi zinayi, zina zobooledwa ndi chiswe.

"Nenani ndinu odziwa," anatero Benedeta osadzutsa mutu. "Izi tibzale, kapena timukazingire mwana?"